M'bawa wa kudimba kwa amayi unandifikitsa pabwalo la mfumu

Ndikulemba izi poganizira anzanga amene timakhala m'tauni koma makolo athu ndi minda yathu zili kumudzi. Ambirife ndalama zikavuta, maso amagwera pa mtengo waukulu umene tinaupeza uli chiimire m'munda, n'kumati uwu ndi wathu, angatiletse ndani. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mu Ogasiti 2022.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumunsi m'chigwa cha Bwanje, koma ndimagwira ntchito m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto ku Limbe. Chaka chimenecho mphepo ya mkuntho inasasula mbali imodzi ya denga la nyumba ya amayi, moti dzinja lonse lotsalalo anagona kukhitchini pamodzi ndi adzukulu awo awiri. Ndinawalonjeza kuti mvula ina isanagwe ndikhala nditawafolerera ndi malata. Kenaka mu Meyi kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti, malata ndi misomali zinakwera, ndipo ndalama zimene ndinkasunga zinangokwana theka la zomwe mmisiri anandilembera.

Nditapita kumudzi kukaona mmene zinthu zinalili, kunabwera bambo wina wocheka matabwa wa mudzi wa kutsidya. Sindinamuitane, anachita kumva yekha kuti mwana wa mayi aja wabwera ndipo akufuna kumanga. Anati, "Bwana, m'bawa uli kudimba kwa amayi anu uja ukungokalamba pachabe. Tipatseni ife, tikupatsani K150,000, kuwonjezera apo matabwa khumi a zitseko ndi mafelemu." Ndinamufunsa za mapepala. Anaseka n'kunena kuti zimenezo ndisade nazo nkhawa, iwo ntchitoyi anayamba kale ndipo mapepala onse ali nawo. Sindinamuuze kuti andionetse. Apa ndi pamene ndinagwera m'mbuna, ndipo ndikukupemphani kuti mukumbukire malo amenewa kuposa ena onse m'nkhaniyi.

Madzulo ake ndinawauza amayi ali pakhonde akutong'ola chimanga m'lichero. Sanadzutse mutu. Anangofunsa kuti, "Bambo, kwa amfumu mwapitako?" Ndinayankha kuti dimba ndi lawo, mtengo uli m'dimba mwawo, nanga amfumu alowapo bwanji. Anakhala chete kanthawi, zala zili pachitsononkho, kenaka anati, "Chabwino. Inu ndi amene munapita kusukulu." Mawu amenewo mpaka lero amandibaya.

M'bawa umenewo unali m'mphepete mwenimweni mwa kamtsinje, pamene dimba lathu limathera. Thunthu lake anthu atatu ogwirana manja ndiye ankalizungulira. Pansi pake panali dziwe limene silinkaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo amayi a m'mudzimo ankachapirapo ndi kutungapo madzi othirira masamba. Tili ana tinkatolapo njere zake zamapiko zija zikamagwa kuchokera m'zikhokhombe zouma, n'kumaziulutsa. Anaugwetsa Lachiwiri m'mawa ine ndili pompo. Unalira kaye pang'onopang'ono, kenaka unagwa ndi mkokomo umene unamveka mpaka kusukulu. Chimene chinandidzidzimutsa ndi kuwala. Malo amene ndinawadziwa ali amthunzi moyo wanga wonse anangoti mbee, dzuwa likuwomba padziwe mpaka kuoneka matope a pansi.

Anyamatawo anakumba dzenje, nagubuduzira chipika pamwamba pa mitanda. Ananyika chingwe m'makala osinja osakaniza ndi madzi, n'kuchikoka ndi kuchiombetsa pachipikacho kuti chisiye mizere yakuda yowongoka. Wina anakwera pamwamba, wina analowa m'dzenje atamanga kansalu kumaso, sowo n'kuyamba kuyenda. Utuchi wa m'bawa ndi wofiirira ngati dothi la katondo, ndipo unkamugwera wa m'dzenjeyo m'tsitsi ndi m'mapewa. Ndinalandira theka la ndalama, ndinakwera minibasi kubwerera ku Limbe mtima uli m'malo.

Lachisanu usiku amalume anandiimbira foni. Sanapereke moni wautali monga amachitira. Anati, "Aphwanga, mawa mukwere yoyamba. Kuno kwaipa."

Zinachitika ndi izi. A komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi, imene ambiri amangoitchula kuti VNRMC, anapita kumtsinje kuja ndi nduna ya mfumu nakafunsa ochekawo chilolezo. Analibe kanthu, ngakhale kapepala kakang'ono. Komitiyo inalanda sowo ndi matabwa onse amene anali atachekedwa n'kukawasunga kwa mfumu. Usiku womwewo ochekawo anasowa, foni ya bambo uja n'kukhala yozima mpaka lero. Amene anatsala ndi mlandu anali mayi wokalamba amene mtengo unali m'dimba mwake, ndi ine amene ndinalandira ndalama.

Bwalo linakhala Lolemba pansi pa mkuyu. Panali amfumu, nduna zawo, a komiti, mlangizi wa zankhalango wa dera lathu amene anabwera pa njinga yamoto, ndi anthu ambiri kuposa amene ndinkayembekezera. Amayi anakhala pamphasa kumbali ya azimayi atafunda chitenje kumutu. Amfumu atandipatsa mpata ndinayamba ndi mawu omwe aja, akuti mtengo unali m'dimba mwathu. Wapampando wa komiti, mayi amene ndinaphunzira naye pulayimale, anatulutsa kope la chikuto cholimba momwe munali malamulo a m'mudzi. Anawerenga kuti mudzi wathu unapatula nkhalango yake kuphiri, ndi kuti unagwirizananso kuti mitengo yachilengedwe ya m'mphepete mwa mtsinje, mbali zonse ziwiri, isadulidwe ndi wina aliyense popanda kuuza komiti ndi mfumu, ngakhale dimba likhale la yani. Pamsonkhano umene anagwirizana zimenezi amayi analipo. Ine ndinali ku Limbe, ndipo sindinafunsepo.

Kenaka mlangizi uja anapempha kuti alankhulepo. Sanakalipe. Anafotokoza ngati akuphunzitsa, ndipo ndikuganiza kuti ankalankhula kwa mudzi wonse osati kwa ine ndekha. Zimene ananena ndinadzaziwerenganso pambuyo pake m'lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, ndipo ndiyesa kuzifotokoza monga ndinazimvera.

Lamulolo limasiyanitsa mtengo umene munthu wadzala yekha ndi mtengo wachilengedwe. Mukadzala bulugamu, malaina, keshya kapena paini pamalo amene muli ndi ufulu wolimapo, mitengoyo ndi yanu, mutha kukolola ndi kugulitsa. Limavomerezanso kuti munthu kapena mudzi umene ukusamala mtengo womera wokha pamalo pake uli ndi umwini pa mtengowo, ndipo pamenepa ndi pamene ambirife timasokonekera. Umwini umenewo ndi wokolola mosamala, motsata malamulo ena onse. Sukupatsani mphamvu yoitana ocheka kuti agwetse mtengo uliwonse n'kukagulitsa matabwa. Munthu wa m'mudzi amaloledwa kutola nkhuni, kudula milimo kapena mapaso a nyumba yake pamalo a mfumu, zogwiritsa ntchito pakhomo. Koma nkhani ikangofika pa malonda, kaya ndi matabwa, kaya makala, pamafunika chiphaso chochokera ku nthambi ya zankhalango. M'nkhalango ya m'mudzi namo simungolowa ndi nkhwangwa, mumatsata zimene mudzi unagwirizana ndi boma pa kasamalidwe kake, ndipo komiti ili ndi mphamvu yolanda zimene zatengedwamo mophwanya malamulowo.

Pamwamba pa zonsezi pali mitengo imene boma linaiika m'gulu la yotetezedwa. M'bawa uli momwemo. Mulinso mlombwa, muwanga, msambamfumu, tsanya, mkalati, naphini, mtondo, msopa, komanso mkungudza wa ku Mulanje umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Mlangiziyo atatchula mainawa ndinaona anthu akuyang'anana, chifukwa yambiri mwa mitengo imeneyi ndi yomwe timasemera mitondo, mipini ndi mafelemu tsiku ndi tsiku osaganizako. Anati mitengo yotereyi ngakhale ili pakhomo panu, musanaigwetse muyambe mwafika ku ofesi ya zankhalango, abwere adzauone, akulembereni. Patangopita miyezi itatu chichitikireni zanga, mu Novembala 2022, msonkhano wa ku Panama wa mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, unaikanso m'bawa, mlombwa ndi msambamfumu za mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko ayenera kulondolozedwa ndi zilolezo. Nditamva zimenezo ndinazindikira kuti chimene ndinagulitsa pa K150,000 ndi chinthu chimene dziko lonse lapansi likuda nacho nkhawa kuti chikutha.

Panali funso limodzi limene amfumu anandifunsa, ndipo ndinasowa poyambira. Anati, "Mwana wathu, mtengo uja munaudzala ndinu?" Ndinati iyayi, mfumu. "Anadzala ndi mayi anu?" Iyayi. "Nanga agogo anu?" Amalume ndi amene anayankha kuti ngakhale agogo anaupeza. Amfumu anangogwedeza mutu osawonjezerapo kanthu.

Ndinapepesa pamaso pa onse. Sindinabise ndalama zimene ndinalandira, ndipo ndinatchula mudzi wa bambo wocheka uja. Ndikukhulupirira kuti kuvomera msanga ndi kumene kunandithandiza. Bwalo linagamula motsata malamulo a m'mudzi kuti ndipereke mbuzi imodzi, ndibweze ku thumba la komiti ndalama zonse zimene ndinalandira, ndipo ndidzale mbande 40 za mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa mtsinjewo n'kuzisamala mpaka zitagwira. Matabwa sanabwerere kwa ine, ngakhale khumi aja a zitseko. Mlangizi analemba lipoti lake. Tisanasiyane ananditengera pambali nandiuza mosapsatira kuti ndikanagwidwa ndi matabwa amenewo pagalimoto, tinene pa rodibuloko ya pa Zalewa popita ku Blantyre, nkhaniyo sikanathera pansi pa mkuyu. Ikanapita kupolisi ndi kukhoti, kumene chikonzereni lamulo mu 2020 zindapusa zimafika mamiliyoni, anthu amalowa kundende zaka zingapo, ndipo galimoto yonyamulayo imatha kulandidwa. Maganizo anga anali oti matabwa khumi aja ena ndipite nawo ku Limbe ndikapangitse tebulo. Ndikakumbukira zimenezo thupi limachita tsembwe.

Ena m'banja mwathu anandiuza kuti komiti inandichitira nkhanza, kuti ndi nsanje chabe poti ndimakhala m'tauni. Ine sindivomereza. Anthu amenewa sagwira ntchito yolipidwa. Ndi omwe amalambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya kuphiri chilimwe chilichonse, ndi omwe amadzuka usiku kukathimitsa moto wa osaka mbewa. Akanandilekerera ine chifukwa ndimavala nsapato, mawa lake akanamuletsa bwanji mnyamata wofuna kuotcha makala? Chimene ndimadandaula nacho n'china. Malamulo a m'mudziwo ali m'kope limodzi lokha, kunyumba kwa wapampando. Ife a m'tauni, akamwini obwera kumene, ndi achinyamata amene anali ana pamene ankagwirizana, sitiwadziwa. Ndinawapempha amfumu kuti aziwerengedwa pamsonkhano wa mudzi kamodzi pachaka, ndipo ndinajambulitsa kopelo masamba onse n'kuwapatsa a komiti makope atatu owonjezera.

Nyumba ya amayi inafoleredwa mu Novembala, ndi ngongole ya kuntchito ndi thandizo la mlongo wanga wa ku Kasungu. Mapaso tinagula a bulugamu kwa munthu amene anadzala yekha.

Mu 2024 kunabuka nkhani ina ya mtengo, ndipo ulendo uno ndinayenda njira yoyenera. Ndikuifotokoza kuti muone kuti si yovuta monga timaganizira. Kuseri kwa khitchini ya amayi kuli mtondo waukulu, ndipo nthambi yake imodzi, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, inauma n'kuyamba kung'aluka polumikizira, ili pamwamba penipeni pa denga. Amayi ankaopa kuphikamo kukachita mphepo. Anyamata a m'mudzi anati angougwetsa wonse basi. Ndinakana. M'mawa ndinapita ndi amalume kwa amfumu kukanena. Amfumu anatuma nduna ndi anthu awiri a komiti kudzaona, ndipo iwowo anamuimbira mlangizi, amene anafika patapita masiku anayi. Anauzungulira mtengowo, anagogoda thunthu ndi msana wa chikwanje kumvetsera ngati lili ndi mphako, n'kunena kuti mtengo ndi wamoyo bwinobwino, chofunika n'kuchotsa nthambi youmayo ndi ina imodzi yopendekera kunyumba. Amfumu analemba kalata yachidule yonena mtundu wa mtengo, malo ake, chifukwa chake ndi nthambi zoti zichotsedwe, nadindapo chidindo chawo, mlangizi n'kusainira pansi. Zonsezi zinanditengera sabata imodzi yokha.

Kadulidwe kakenso ndinaphunzirapo. Ife tinazolowera kukhapa nthambi kuchokera pamwamba mpaka ithyoke yokha, ndipo ikamagwa imasenda khungwa la thunthu kutsika nalo pansi, bala limenelo n'kukhala polowera chiswe ndi kuola. Mlangizi anawauza anyamatawo kuti ayambe amanga nthambiyo ndi chingwe cholimba chokoleka ku nthambi ina ya pamwamba, anthu atatu atagwira pansi chapatali. Kenaka acheke pang'ono kunsi kwa nthambi, chapatali ndi thunthu, ndiyeno acheke pamwamba kutsogolo pang'ono kwa pamenepo mpaka iduke, aitsitse ndi chingwe pang'onopang'ono. Kachitsa kotsalako ndi kamene amamalizira kucheka bwinobwino pafupi ndi thunthu, osalowerera m'kati mwa potupa paja pamene nthambi imatulukira, chifukwa pamenepo ndi pamene mtengo umadzipoletsera. Anati agwiritse ntchito sowo osati chikwanje, ndipo ana onse achoke pabwalo. Anawonjeza kuti mtengo ukakhala pafupi ndi mawaya a magetsi, munthu asayerekeze kukwera, auze a ESCOM. Lero pamene panadulidwa paja payamba kutsekeka, khungwa latsopano likuzungulira ngati mlomo wa mtsuko, ndipo mtondowo ukuperekabe mthunzi ndi zipatso zake.

Kwa amene mukufuna kugulitsa mitengo yodzala nokha, nanunso pali kanthu kamodzi koti musaiwale. Kudula ndi ufulu wanu, koma mukafuna kunyamula mapolo kapena matabwa kupita nawo kutali, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu mukatenge chikalata chonyamulira. Wapolisi kapena wa zankhalango pamsewu sangadziwe kuti bulugamu ali pa loleyo ndi wa kumunda kwanu kapena wabedwa m'nkhalango ya boma. Ndalama iliyonse imene mwalipira ku ofesi, mulandire risiti ya boma. Ndipo wocheka kapena wogula akakuuzani kuti mapepala ali nawo, muwaone ndi maso anu, muone dzina, mtundu wa mtengo, malo ndi tsiku. Akayamba kuzemba ndi nkhani zoti timadziwana nawo, mutsanzikeni. Tsiku la mlandu iye adzakhala atawoloka mtsinje, pamphasa padzakhala mayi anu.

Mbande 40 zija ndinazidzala kumapeto kwa Disembala 2022, nyengo yodzala mitengo ya dziko lino itangotsegulidwa, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ndinagula ku nazale ya komiti yomweyo, 25 za m'bawa ndipo zotsalazo za mthethe ndi msambamfumu. Madzi osefukira a mu Malichi 2023 anakokolola zisanu ndi ziwiri, mbuzi zinadya zina ndisanamange timipanda ta minga, ndipo zingapo za m'bawa zinaboledwa kunsonga ndi mbozi n'kuphukira mphanda. Zatsala 26. Yaitali kwambiri yandipitirira pang'ono msinkhu. Dziwe lija chaka chatha linaphwa kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo amayi a m'mudzi ankakumba mumchenga kuti apeze madzi othirira. Sindinganene kuti chifukwa chake ndi mtengo umodzi wokha, poti mvula nayo inavuta chaka chimenecho, koma ndikadutsa pachitsa chija sindiyang'ana anthu kumaso.

Wapampando wa komiti anandiuza kuti 14 zimene zinafazo ndiyenera kubwezeretsa, ndipo sindinatsutse. Machubu ndagula kale ku Limbe. Njere za m'bawa amayi anatola okha pansi pa mtengo wina wa kumanda, atapempha kwa amfumu, ndipo azisunga m'kambale kakale pamwamba pa kabati kudikira kuti ndifike Loweruka tikafese.